Amake Khasu a ku Chinyunyu

Dailesi mwana wanga, kuyambira uli wamng'ono wakhala ukundifunsa chifukwa chake azimayi a ku Chinyunyu amakutchula mwana wa amake Khasu, chonsecho mayi wako ndi Esinati ndipo pabanja pathu palibe munthu dzina lake Khasu. Nthawi zonse ndinkangoseka n'kunena kuti ndidzakuuza ukadzakula. Tsopano wakula mpaka imvi zayamba kukusuzumira, ine ntchito ndinapuma kalekale, maondo akukana njinga, choncho ndakhala pansi kuti ndikulembere iwe pamodzi ndi alongo ako. Za ubwana wanga ku Katete ndazidumpha dala, chifukwa mbuzi zimene ndinaweta sizinasiyane ndi mbuzi za anthu ena.

Chaka chotsatira ufulu

Ndinapita ku Lusaka kukafuna ukalaliki, ndili ndi tayi yobwereka. Anandilozera ku ofesi ina ya boma yosamala zinthu zakale, ndipo kumeneko ndinapeza mzungu wowonda, wa maondo ofiira ndi dzuwa, dzina lake a Pikaringi. M'malo mondifunsa za satifiketi anatulutsa kaphale m'thumba, nakaika patebulo n'kundifunsa kuti chimenechi n'chiyani. Ndinati ndi phale, la mbiya yosweka, ngati amene timadyetseramo nkhuku kwathu. Koma nditalitembenuza ndinaona kuti mizere yake siinali ngati ya mbiya za kwathu, ndipo pakamwa panandipulumuka funso ndisanaganize. "Kodi bwana, mwalitola kuti?" Mzungu uja anaseka mpaka kutsokomola, nati ndibwere Lolemba. Pambuyo pake anandiuza kuti anyamata ena onse anayankha bwino kuposa ine, koma palibe amene anafunsa kanthu.

A Pikaringi anakulira ku Mangalande, m'tauni imene inayambidwa ndi Aroma akale, asilikali aja timawamva m'Baibulo. Ankati kwawoko munthu akamakumba maziko a sitolo pamakhala wina woimirira pambali kuyang'ana dothi likutuluka, chifukwa pansi pa msewu pali msewu wina, pansi pa nyumba pali nyumba ina. Ntchito imeneyo ndiyo ankafuna kuti ndiigwire kuno. Ufulu unali utabwera ndi njala ya zomangamanga, sukulu apa, msika apo, ndipo walira mvula walira matope: makasu ndi akatapila ankatembenuza nthaka imene inagona osakhudzidwa chiyambire makolo athu. Chinyanja cha a Pikaringi chinali cha kukhitchini, moti ngakhale nduna ankaitchula kuti iwe, koma maso awo anali akuthwa. Anandiphunzitsa kuti ukafika pamene akukumba usathamangire kuyang'ana pansi pa dzenje, uyambe wayang'ana khoma lake, chifukwa dothi limagona mosanjikizana, la dzulo pamwamba, la kale pansi, ndipo phulusa, makala ndi mapale zimaonekera pakhomapo.

Phunziro lina ankalibwereza mpaka ndinatopa nalo. "Tembo, kukumba ni kupha. Chinthu iwe wakumba, sungabweze. Ngati ulibe zida zolembera bwino, siya pansi, ena adzabwera." Ine ndinkangoti inde bwana, mumtima ndikuti mzunguyu watulukira lero zoti madzi akatayika saoleka. Pa msinkhu umenewo sindinkakhulupirira kuti munthu wa nzeru zake angaone chinthu chikusuzumira m'dothi n'kuchisiya.

Zaka zothira phula mumsewu wa kum'mawa

Atayamba kukonza msewu waukulu wopita kum'mawa, ananditumiza kuti ndizitsatira akatapila kuchokera ku Chongwe mpaka kumapiri a ku Rufunsa. Katundu wanga anali kachipande ka omanga nyumba, burashi, tepi yoyezera, kamera yakale ndi timatumba ta pepala. Anthu a pamsewu anandipatsa dzina loti ba Mapale, ndipo linandimatirira mpaka lero. Ankandiona ngati wamisala wa boma, wolipidwa kuti azitola zimene nkhuku zakana, koma sankadana nane. Tsiku lina, kufupi ndi njira yopatukira ku Shikabeta, ndinapempha anthu a m'mudzi kuti akaona mapale asawataye. Nditabwerako patapita sabata ndinapeza dengu lodzaza, mapale onse otsukidwa bwinobwino, aakulu paokha, aang'ono paokha, ena ochokera m'ngalande ya msewu, ena ochokera kudzala la kuseri kwa nyumba zawo, kuti mlendo asabwerere ndi zochepa. Ndinawathokoza ndi manja awiri, koma mumtima ndinalira, chifukwa phale losadziwika pamene linagona silinenanso kanthu.

Ndi zaka zomwezo pamene ndinakwatira mayi wanu, mwana wa mphunzitsi wa katekisimu ku Mpanshya. Bambo ake anandifunsa katatu ntchito yanga, ndipo ulendo wachitatu anangoti bola ndi ya boma. Msewu utatha anatipatsa kanyumba kamene kanatsala pa kampu ya omanga msewu pafupi ndi Chinyunyu, kamtunda pang'ono kuchokera pa akasupe a madzi otentha aja, ndipo anandiuza kuti chigawo chonsecho n'changa: paliponse pamene boma kapena mishoni ikukumba maziko, ndizikaimirira. A Pikaringi anabwerera kwawo, nandisiyira kachipande kawo kamene kanali katatha mbali imodzi. M'malo mwawo munalowa a Mwanza, munthu wathu wophunzira kunja, wofatsa, wokonda ntchito, koma amene analandira ofesi nthawi imene zinthu zinayamba kusowa.

Chipani chimodzi chitangoyamba

Inu ana a masiku ano simudziwa kusowa. Malire a kum'mwera atatsekedwa, sopo, mchere ndi mafuta ophikira a saladi zinasanduka nkhani yonong'onezana, ndipo ukaona anthu ali pamzera unkayamba waima kaye, kenako n'kufunsa chimene chikugulitsidwa. Ku ntchito kwathu filimu ya kamera inatha, timatumba tinatha, galimoto ya ofesi inakhala pamiyala. Mapale ndinkakulunga m'masamba a nthochi n'kumangapo kapepala. Kamera ndinkayendabe nayo pakhosi ngakhale inali yopanda kanthu m'kati, chifukwa akapitawo ankaiopa kuposa kalata ya boma.

Nthawi imeneyo anthu a ku Chinyunyu anayamba kumanga kachipatala kawo mwa ntchito yodzithandiza. Chimene ankafunitsitsa chinali chipinda chochiliramo azimayi. Chipatala chinali kutali, ku Mpanshya kapena ku Lusaka, ndipo mayi akavutika pobereka ankamunyamula kupita naye pamsewu kukadikira lole iliyonse imene ingaime. Ena ankachira pamsewu pomwepo, ena sankabwerera. Mlongo wako Yosefe anabadwira pa lole ya makala isanafike n'komwe ku Chongwe, ndipo pa nthawi yomanga kachipatalayi mayi wako anali atatenganso pathupi pako. Njerwa anaumba amuna, madzi ankatunga azimayi, kapitawo anali ba Mulenga, Mbemba wochokera kumigodi, wa pakamwa potentha koma wa manja abwino. Simenti anaipezetsa a Njovu, tcheyamani wa nthambi ya Chipani, atayenda ku maofesi mpaka nsapato kutha. Anaipatsidwa ndi chenjezo lakuti ngati mvula idzagwe nyumba isanafike padenga, simenti yotsala idzapita ku boma lina kumene anthu ali okonzeka.

Malo ake anali otsetsereka, pambali pa chulu chachikulu chimene anachigumula poumba njerwa. Ine ndinkapitako m'mawa uliwonse pa njinga, kuyang'ana makoma a ngalande za maziko, osaona kanthu koma dothi lofiira ndi mizu. Maziko a kunja onse anathiridwa konkire popanda vuto. Kunatsala ngalande imodzi yokha ya m'kati, ya khoma lolekanitsa chipinda cha azimayi ndi kachipinda kosungira mankhwala.

Mwezi wa Okutobala, chaka chomwecho

Kunkatentha moti nyenje zinkalira ngati zapenga. Ndinali ndikutsamiritsa njinga pamtengo pamene ba Mulenga anandikodola. "Ba Mapale, bwelani muone. Piki yagunda chinthu, manje anyamata akana kupitiliza." Ndinatsikira m'ngalande. Pakhoma pake panali miyala yakuda, yolemera, yooneka ngati phala limene linauma likuyenda, ndipo ndinaizindikira: ndi zotsalira posungunula chitsulo. Panalinso zidutswa za mipope ya dothi yopitiramo mpweya wa mvukuto. Zimenezo ndinali nditaziona kangapo m'mbali mwa msewu. Koma pansi pa piki panali dothi lowotcha, lolimba, lozungulira, ndipo nditayamba kupalasa ndi kachipande linapitirira kutsika osaduka. Ndinapalasa tsiku lonse ndi la mawa lake. Chimene chinatuluka chinali ng'anjo yosungunulira chitsulo, yathunthu, yofika m'chiuno mwanga, imene dothi lokokoloka pachulu linaikwirira n'kuisunga. Kutsogolo kwake anaiumbira mawere awiri, m'munsi mwake mchombo, pamimba mizere ngati mphini, ndipo pansi penipeni panali khomo lotulukira chitsulo, lokhala pakati pa timakoma tiwiri totambasuka ngati miyendo.

Ndikuuzeni zoona, ana anga, chimwemwe chinandidzaza. Zaka zonsezo ndinkatola zidutswa, ndipo apa chinthu chathunthu chinali kundiyang'ana. Mafunso anandiunjikira ngati njuchi. Anaiumba ndani, Asoli omwewa, eni dera lino, kapena anthu ena amene analipo iwo asanafike? Mtapo wa chitsulo ankautenga phiri liti? N'chifukwa chiyani sanaigumule atamaliza? Nanga m'kati, pansi pa phulusa, anakwiriramo chiyani? Ichi n'chiyani n'kulinga muli awiri, koma ine ndinali ndekha, ndi kamera yopanda filimu.

Mdala wina woumba njerwa anayang'ana m'dzenjemo n'kubwerera m'mbuyo. Anati agogo ake ankasimba kuti ng'anjo sinkayandikiridwa ndi mkazi, ndipo amuna osungunula chitsulo ankagona kutchire osakhudza akazi awo mpaka ntchito itatha. Mkazi akaponda pamalopo chitsulo chinkakana, iyenso mimba yake inkatsekeka. Mawu amenewo anayenda msanga kuposa njinga yanga. Dzuwa lisanapendeke azimayi anali atatula ndowa zawo kutali, m'mphepete mwa njira, ndipo m'mawa mwake sanabwere n'komwe. Popanda madzi, ba Mulenga anakhala pa matumba a simenti akutukwana m'Chibemba.

A Njovu anafika thukuta lili kamukamu. "Komuredi Tembo, imwe mufuna kuimitsa chitukuko chifukwa cha mbiya? Phwanyani ichi chinthu lelo, tikataye kumtsinje, azimai abwelele pa nchito. Olo mufuna nikalembe kuti kuno kuli munthu otsutsa boma?" Masiku amenewo mawu oterewo sanali nthabwala, ndipo ndinachita mantha. Komabe ndinawauza kuti lamulo la boma lomwelo silikulola kuphwanya, ndipo ndinapempha kuti ndikaimbe lamya. Sindinawade a Njovu. Kumwamba mitambo inali itayamba kusonkhana madzulo, ndipo munthuyo ankaona simenti yake ikumupulumuka.

Ndinakwera lole kupita ku Chongwe kumene kunali lamya, ndipo a Mwanza atamva anasangalala kuposa ine. Koma anati mafuta a galimoto kulibe, filimu kulibe, pulasitala yonyamulira chinthu chotero kulibe, ndipo palibe angabwere mvula isanathe. "A Tembo, mphamvu zili m'manja mwanu. Mukatseka malowo ndidzasaina, ndipo chaka chamawa tidzabwera ndi aphunzitsi a kusukulu ya ukachenjede tidzakumbe bwinobwino. Pali malo amodzi a maphunziro a kunja. Munthu amene wapeza chinthu chotere sangapikisane ndi wina." Ndinawafotokozera za simenti ndi za azimayi. Anati iwo ali ku Lusaka, ine ndiye ndili pamalopo.

Pobwerera ndinayala nkhani yonse m'mutu. Kutseka malo kunali kupha chipatala, chifukwa simenti yoyambiranso maziko kwina kunalibe. Kuphwanya sindikanalola. Ndikanatha kuikumba ndekha mothamanga, kuidula pakati kuti ndione za m'kati n'kukhutitsa mtima wanga, koma popanda chithunzi ngakhale chimodzi kumeneko kukanakhala kuphwanya komwe, kungoti kwa ulemu. Njira yotsala inali yoti khoma lisunthidwe pang'ono, ng'anjo ikwiriridwe ndi mchenga momwe ilili, ikhale pansi pa simenti ya chipinda, popeza mbali imeneyo inali yotsika ndipo inkafunika kuthiridwa dothi kale. Njira imeneyo inkandiwawa ine, komanso inali ndi vuto lake: ndi mkazi uti akanalola kuchilira pamwamba pa ng'anjo? Nditamufunsa mayi wako akusenda mtedza pakhonde, anandiyankha mosabisa. "Atate ake Yosefe, pa lole sinifuna kubwelelapo. Koma na pamwamba pa chinthu icho sinizagonapo. Imwe amene munachivundukula, ndimwe muzadziwa."

M'mawa mwake ndinapeza amuna ataunjikana m'mbali mwa dzenje, a Njovu ali pakati, mnyamata wa piki ataima chilili kudikira mawu. Tikukangana choncho kunatulukira amake Rozina. Ameneyu anali mzamba wa dera lonselo, mayi wamfupi, wa korona pakhosi ndi kachitini ka fodya wa m'mphuno m'chitenje, amene theka la anthu oimirira pamenepo anawalandira ndi manja ake. Sanapereke moni. Anapatula amuna ndi chigongono, nandiuza kuti ndimugwire dzanja, n'kutsikira m'dzenje. Mdala uja anayamba kumuchenjeza, koma iye anati mimba yake inatsekeka kale yokha, palibe chotsala choti ng'anjo itseke. Anagwada, nayang'ana mawere, nasisita pamimba, nasuzumira pakhomo la pansi monga amachitira pa ntchito yake. Kenako anamasula chitenje chake chapamwamba n'kufunditsa ng'anjo ija kuyambira m'chiuno kutsika.

Atadzuka anatembenukira kwa amuna. "Imwe, mulibe nsoni? Muzimai ali chigonele, miyendo padela, imwe mwazungulila muyang'ana. Chokani apa. Na imwe ba tcheyamani, chokani." A Njovu anayesa kunena za Chipani, koma mayi uja anawakumbutsa kuti anawaona tsiku lobadwa asanakhale ndi khadi la Chipanicho, ndipo anthu ataseka iwonso anabwerera m'mbuyo. Azimayi amene ankaonerera patali anayamba kusendera. Amake Rozina analankhula mokweza kuti nawonso amve. "Uyu ni muzimai mnzathu. Amuna anamuumba, anamupatsa mimba ya moto, anabala makasu amene tilimila. Amuna anatiletsa kubwela pafupi chifukwa apa panali pa chikuta chao, monga ise tiwathamangitsa tikamachilitsa munthu. Manje anatengela kwa ndani? Si kwa ise? Uyu anabala kambili, ndipo onani, sanang'ambike. Ine nifuna azimai anga azichilila pafupi na munthu odziwa nchito."

Ine ndinali nditayamba kukwera kuti ndichoke pamodzi ndi amuna anzanga, koma anandigwira malaya, nati wa boma ali ngati dokotala, akhoza kutsala. Anandifunsa chimene ndinkafuna kwenikweni pa mayiyu. Ndinamuuza kuti ndikufuna kudziwa zaka zake, ndi zimene zili m'kati mwake, ndipo kuti ndidziwe zonse ndiyenera kumudula pakati. "Ndiye mufuna kumung'amba?" anafunsa. Sanandiletse, sanandikalipire, anangotsina fodya wake n'kumandiyang'ana.

Ndinagwada n'kupisa dzanja pakamwa pa ng'anjo, pamwamba, mpaka phewa. Pansi ndinakhudza makala ndi phulusa lozizira. Pokweza dzanja ndinamva timizere pakhoma la m'kati, ndipo nditayendetsa zala ndinazindikira kuti ndi m'mene munadutsa zala za munthu amene anamata dothi lili lofewa. Zala zanga zinalowa m'timizere timeneto, kungoti zake zinali zazifupi pang'ono kuposa zanga. Ndinakhala choncho kanthawi, kachipande ka a Pikaringi kali m'dzanja linalo, mtima ukundiuza kuti dula, mwayi wotere subwera kawiri. Sindinafunepo chinthu m'moyo mwanga monga ndinafunira kuona pansi pa phulusa limenelo. Ndinatulutsa dzanja ndi makala pang'ono, ndinawaika m'kachitini ka fodya kamene amake Rozina anandipatsa, ndipo ndinaitana ba Mulenga kuti tikambirane za khoma.

Ba Mulenga anadandaula kuti pulani ndi pulani, yochokera ku Lusaka, ndipo munthu sasuntha khoma ngati mpando. Koma atayeza ndi tepi yanga anaona kuti kusunthako kukukulitsa chipinda cha azimayi n'kuchepetsa cha mankhwala. "Mankhwala yeve kulibe kale," anatero, "kachipinda kang'ono kazakwana." Ndinayeza ng'anjo mbali zonse n'kuijambula ndi pensulo mmene ndikanathera. Kenako azimayi anatenga ndowa zawo, koma m'malo mwa madzi anayamba atuta mchenga wa kumtsinje. Anauthira ndi manja, pang'onopang'ono, m'kati ndi m'mbali, akuimba nyimbo zimene amaimbira mayi wochira kumene, amuna ali uko kuyang'ana kumbali. Chitenje chija sanachichotse. Mayi wako anabwera ndi kambale kake ka mchenga, mimba ili kutsogolo, ndipo pothira ndinamumva akunena motsitsa kuti, "Gonani bwino, amake Khasu." Dzinalo linayambira pamenepo.

Mvula ya chaka chimenecho, ndi zaka zotsatira

Malata anakhomedwa mvula yoyamba itagwa kale kamodzi, koma simenti inali itagwira ntchito yake. Pa tsiku lotsegulira, a Njovu anauza alendo kuti Chipani chinaganiza mozama n'kuona kuti chitukuko ndi chikhalidwe ziyenera kugona nyumba imodzi. Ndinaomba m'manja pamodzi ndi onse. Kwa a Mwanza ndinalemba zonse mmene zinayendera. Anandiyankha kuti akumvetsa, ndipo ndikhulupirira ankanena zoona, koma chithunzi cha pensulo sichipikisana ndi chinthu chogwirika, choncho maphunziro aja anapita kwa mnzanga wina wa ku chigawo cha kum'mwera. Ine ndinakhalabe ba Mapale wa njinga mpaka kupuma. Makala aja ankayenera kupita kunja kukayezedwa kuti tidziwe zaka zake, koma chaka chilichonse ankati ndalama zakunja kulibe, mpaka ndinasiya kufunsa. Chojambula changa chinasowa pamene ofesi inkasamuka.

Iwe Dailesi unabadwa mvula ili pakati. Sunali woyamba m'chipindamo, anakutsogolera ana a anthu ena, koma unabwera movuta, miyendo kutsogolo, ndipo mlatho waung'ono wa panjira yathu unali utamira moti za lole panalibe n'zoganiza. Ndinakhala panja pa khonde kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndikumva mayi wako akubuula, namwino ndi amake Rozina akusinthana mawu. Ndinapemphera mapemphero onse amene apongozi anga anandiphunzitsa, ndipo atatha, ine munthu wa sukulu ndinapezeka ndikulankhula ndi ng'anjo. Pamene unalira, amake Rozina anatuluka akupukuta manja, nandiyang'ana ndi diso lake lija. "Ba Mapale, mukanamung'amba uja, uyu mukanamuonela kuti?" Ine ndinangolira.

Sindinanong'onezepo bondo, koma ndikanama nditati mtima unakhazikika. Mpaka lero ndikamva wosula akumenya khasu ndimadzifunsa za munthu wa zala zazifupi uja, dzina lake, chilankhulo chake, ndi chimene anabisa pansi pa phulusa. Chaka chatha nditapita kukayezetsa magazi, namwino wachitsikana anandipeza nditaima pakhomo la chipinda cha azimayi ndikuyang'ana pansi, ndipo anandifunsa ngati ndataya kanthu. Ndinati inde, koma ndikudziwa pamene kali.

Kachitini ka makala kali m'sutikesi yanga ya buluu, pansi pa jekete la ukwati, ndipo ndi kako iwe Dailesi. Ndamva kuti akufuna kudzagumula nyumba yakaleyo kuti amange yaikulu. Tsiku limenelo ine mwina kudzakhala kulibe, choncho udzapite ndiwe ukaimirire m'mbali mwa dzenje monga ndinkachitira. Ukalowa m'chipindamo, amake Khasu ali kudzanja lamanja, pansi pa bedi la pafupi ndi zenera. Udzawauze kuti asiye piki, atenge kachipande, ndipo amuna ayambe apempha kwa azimayi asanachotse chitenje. Akadzamuyeza n'kudziwa zaka zake, usadzachite ulesi, mwana wanga. Udzabwere kumanda kwanga udzandiuze.